Mbiri ya Njira za Njinga za M'tchire Kuzungulira Lusaka

Njira zimene okwera njinga za m'mapiri amazikonda mu Lusaka zili kum'mawa ndi kumwera kwa mzindawu: m'nkhalango ya Lusaka East, yomwe anthu amangoitchula kuti Forest 27, m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill, m'zitunda za ku Shantumbu, m'paki ya nyama ya Lusaka National Park, ndiponso pa mtsetse waukulu wotsikira ku chigwa cha Zambezi. Zambiri mwa njirazi sizidalambulidwe kaamba ka masewera. Zidapondedwa ndi mapazi a anthu a m'midzi, ziboda za ng'ombe, mawilo a ngolo ndi matayala a njinga za ogulitsa makala, ndipo mbiri yake imayendera limodzi ndi mbiri ya kukula kwa mzinda.

Lusaka adamangidwa pa malo okwera koma athyathyathya, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere. Munthu woima pa Cairo Road saona phiri lililonse. Pansi pa tauni ndi kumwera kwake pali thanthwe la laimu, lodzaza ndi ming'alu ndi mapanga momwe madzi a mvula amalowa, ndipo ku Chalala mwalawu umatulukira pamtunda uli wosongoka ngati mano a macheka. Kum'mawa nthaka imakwera pang'ono kuyambira ku Ridgeway, dothi limafiira, ndipo munthu akapitirira Kabulonga ndi Woodlands amayamba kukumana ndi zitunda ndi timakwawa. Kutsogolo kwake dziko limathyoka n'kutsikira ku Zambezi, komwe kuli mamita pafupifupi 400 okha. Kusiyana kwa mamita ngati 900 kumeneku ndiko kumapatsa mzinda wopanda phiri malo oyenera njinga za m'mapiri.

Njanji isanafike, dera limeneli linali la Asoli, ndipo chakumpoto kunali Alenje. Midzi inali m'mbali mwa madambo ndi mitsinje monga Chalimbana, Ngwerere ndi Chongwe, ndipo mudzi uliwonse unali ndi tinjira take topita kumadzi, kumunda, kumanda ndi kwa mfumu. Njira ya mapazi siwongoka. Imalambalala chulu, imazungulira mtengo waukulu, imatsata mtunda pomwe madzi sakhalitsa, ndipo imawoloka mtsinje pomwe pali mwala. Zimenezi n'zomwe wokwera njinga wa masiku ano amafuna, poti njira yotere simulola kuwodzera pa chishalo. Njanji yochokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, idafika mu 1905, ndipo kasiteshoni kake kadatenga dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, Lusaaka. Alimi achizungu adagawana malo ozungulira, n'kuwonjezera misewu ya ngolo yotengera chimanga kusiteshoni.

Mu 1931 boma la Northern Rhodesia lidasankha Lusaka kukhala likulu m'malo mwa Livingstone, ndipo kusamukako kudachitika mu 1935. Mapulani oyamba adajambula ndi katswiri wa ku Britain, Stanley Adshead, yemwe adafuna mzinda wotakasuka wa mitengo ndi kapinga. Kutakasukako kunali kwa azungu. Maofesi a boma adamangidwa ku Ridgeway, mayadi aakulu n'kumafalikira kum'mawa, komwe pambuyo pake kudakhala Woodlands ndi Kabulonga, pamene antchito achikuda adaikidwa ku Kabwata ndi ku Kamwala, kenako ku Chilenje ndi ku Matero. Nyumba za ku Kabwata zinali zozungulira, zofolera ndi udzu, za chipinda chimodzi, zomangira amuna obwera kudzagwira ntchito opanda mabanja awo. Zambiri zidagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zosanja, koma 43 zidasungidwa mu 1974, ndipo ndizo zili pa Kabwata Cultural Village m'mbali mwa Burma Road.

Mzinda womangidwa motero udatalikitsa wantchito ndi malo a ntchito yake. Mabasi anali ochepa. Khukhi, mesenjala, kalaliki ndi mmisiri ankayenda wapansi kapena kupalasa, ndipo amene wasunga ndalama n'kugula Raleigh, Humber, Hercules kapena Phillips ankalemekezeka m'komboni. Zinali njinga zakuda, zolemera, za giya imodzi ndi mabuleki a zitsulo, ndipo mwini wake ankalipira msonkho wa njinga chaka ndi chaka. Pakati pa Kabwata, Chilenje ndi Woodlands panali malo ambiri a udzu, ndipo anthu amenewa adapondamo tinjira tachidule tomwe sitinali pa mapu a boma. Okwera njinga m'tchire oyamba mu Lusaka anali iwowa, ndipo ankatero pothamangira belu la kuntchito. Ndale za ufulu nazo zidayenda pa njinga yomweyo: Kenneth Kaunda, yemwe adakhala m'nyumba nambala 394 ku Chilenje kuyambira 1960 mpaka 1962, anali atazungulira kale chigawo cha kumpoto pa njinga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, akutsegula nthambi za African National Congress.

Ufulu utabwera mu 1964, njinga sidapume. Ian Smith atalengeza kuti Rhodesia yadzilamulira mu Novembala 1965, mafuta a galimoto adasowa m'Zambia ndipo ankagulidwa mwa muyeso mpaka paipi yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola itatha mu 1968. Nthawi yomweyo anthu ankathamangira ku likulu. Mzinda womwe unali ndi anthu pafupifupi 123,000 mu 1963 udakulitsidwa malire mu 1970, kuchoka pa masikweya kilomita 93 kufika pa 360. Chelstone, pa msewu wa Great East, inali ngati mudzi wapadera pakati pa mafamu, makilomita oposa 10 kuchokera m'tauni, yodziwika ndi thanki yake yaitali ya madzi. Amene adakulira kumeneko m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amakumbukira tchire loyambira kuseri kwa nyumba zomaliza, momwe ana ankatola masuku ndi kuphunzirira kupalasa pa njinga za abambo awo, mwendo utadutsa pansi pa mtanda. M'zaka za m'ma 1980 njinga yofala inali Eagle, yopangidwa ndi Luangwa Industries ku Chipata.

Gulu lomwe lidatsegula njira zambiri kuposa lina lililonse ndi la onyamula makala, omwe mu Lusaka amati malasha. Nyumba zambiri za mumzindawu zimaphikira makala mpaka lero, ngakhale zomwe zili ndi magetsi, ndipo magetsi akamazimazima chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba mtengo wa thumba umakwera. Makalawo amawotchedwa kutali, cha ku Chongwe, ku Katoba ndi kuseri kwa Shantumbu. Wonyamula amalimbitsa kaliyala ndi zitsulo zowotcherera, amaika masipoko okhuthala, n'kumanga matumba atatu, anayi kapena kuposerapo ndi mphira wa chubu chakale. Amanyamuka usiku kuti kukamacha akhale atafika ku Bauleni, ku Mtendere kapena ku Chilenje. Pa chikweza amatsika n'kumakankha, phewa litatsamira katundu. Pa mtsetse amakhulitsa nsapato pansi chifukwa mabuleki okha sangagwire. Munthu wolemedwa chotero amadziwa bwino pomwe chitunda chili chofatsa, pomwe mchenga umameza tayala ndi pomwe khwawa limawolokeka, ndipo njira yomwe wasankha imakhala yanzeru. N'zoona kuti malonda amenewa atha mitengo yambiri ya mombo ndi mtondo, ndipo zitsa zake zimaoneka m'mbali mwa njira zomwezo. Komabe kuloza chala wonyamula yekha n'kulakwa, poti mbaula yomwe akukaidyetsa ili m'khitchini ya kumayadi ndi ya kukomboni yomwe.

Njinga ya m'mapiri, ya matayala okhuthala ndi magiya ambiri, idabadwira ku Marin County m'chigawo cha California m'zaka za m'ma 1970, pomwe achinyamata ankatsika phiri la Tamalpais pa njinga zakale zomwe adazikonza okha. Kampani ya Specialized idayamba kugulitsa mtundu wa Stumpjumper mu 1981, ndipo masewerawa adalowa mu Olimpiki ku Atlanta mu 1996. Ku Lusaka njingazi zidachuluka malonda atamasulidwa pambuyo pa chisankho cha 1991. Zatsopano zinkabwera kuchokera ku South Africa, zogwiritsidwa kale ntchito n'kumalowa pamodzi ndi katundu wina wa salaula. Oyamba kuzikwera ngati masewera anali anthu opeza bwino a ku Kabulonga ndi Woodlands, ogwira ntchito m'maofesi a akazembe ndi m'mabungwe, komanso mabanja a m'mafamu. Madera a Kabulonga ndi Woodlands anali kumapeto kwa mzinda, moti munthu ankatuluka pageti, n'kupalasa mphindi zochepa, phula n'kutha.

Khomo lawo lalikulu linali, ndipo likadali, msewu wa Leopards Hill. Umachoka pakati pa Woodlands ndi Kabulonga, n'kudutsa manda a Leopards Hill ndi komboni ya Bauleni, kenako n'kuloza kumwera chakum'mawa kudzera ku New Kasama mpaka ku mafamu ndi zitunda. Chakutali ndithu m'dera lomweli muli phanga la Leopards Hill, lomwe boma limaliteteza chifukwa mudapezeka zida za miyala za anthu akalekale. Loweruka ndi Lamlungu m'mamawa, magulu a okwera amasonkhana pamalo ogulitsira malonda a m'mbali mwa msewuwu, n'kupatukira ku tinjira ta kumanzere kapena kumanja dzuwa lisanakwere.

Malo oyandikira kwambiri ndi Forest 27, kuseri kwa Bauleni cha ku State Lodge. Boma la atsamunda lidaikhazikitsa ngati nkhalango yotetezedwa mu 1957, ili ndi mahekitala pafupifupi 1,750, ndipo cholinga chinali madzi. M'menemo ndimo muli magwero a mtsinje wa Chalimbana, womwe umathira mu Chongwe, ndipo nthaka yake imamwetsa madzi a pansi omwe zitsime zakuya za kum'mawa kwa mzinda zimadalira. Nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa pafupifupi theka la madzi a m'mipope ya Lusaka limachokera pansi pa nthaka, ena onse n'kumachokera ku mtsinje wa Kafue. Kwa wokwera njinga nkhalangoyi ili ndi zonse pamalo amodzi: mthunzi wa mombo ndi msuku, zikweza zazifupi koma zowawa, mitsetse ya miyala yotereka, mizu yopingasa njira, ndi timitsinje tomwe nthawi ya dzinja timafika m'mapedulo. Othamanga, oyenda wapansi, amayi otola bowa ndi magulu opita kukapemphera m'tchire amakumana m'tinjira tomweto.

Chitetezo cha nkhalangoyi chidachotsedwa mu 1983. Mitengo idadulidwa, mchenga n'kumakumbidwa, ndipo Chalimbana adayamba kuphwa. Anthu a m'mbali mwa mtsinjewo adalemba dandaulo ku boma, ndipo mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba adaibwezera m'gulu la nkhalango zotetezedwa. Mitengo idaphukanso kuchokera ku zitsa, monga amachitira mombo akasiyidwa, ndipo m'zaka zimenezi ndi momwe okwera njinga adaizolowera. Koma pakati pa 2017 ndi 2019 boma lidasainira malamulo atatu ochotsa zigawo zake, malowo n'kugawidwa kukhala mapuloti a nyumba, moti padatsala mahekitala ongopitirira pang'ono 700. Bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust pamodzi ndi akuluakulu a Asoli, anthu a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, adakana, ndipo nkhani idafika kukhoti. Kudula nkhalango yomwe kuphwa kwa mtsinje kudaonetsa kale ntchito yake chinali chigamulo choipa. Pamene panali tinjira tina lero pali misewu yolambulidwa ndi makina ndi mipanda ya njerwa, ndipo okwera amazungulira m'chigawo chotsalacho.

Nkhalango inzake ya kumwera, nambala 26, idayenda ulendo wina. Mbali ina idasanduka malo a mafakitale a Lusaka South Multi-Facility Economic Zone, ndipo mbali yaikulu idakhala Lusaka National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 2011 n'kutsegulidwa mu 2015. Ili ndi mahekitala 6,715, ndipo ndi imodzi mwa mapaki aang'ono kwambiri m'Zambia. Ndi yotchingidwa ndi waya, mulibe mikango, ndipo munthu akalipira pageti amatha kupalasa m'misewu yake yafumbi akuona mbidzi, nyamalikiti ndi agwape. Njira zake n'zosavuta, zoyenera banja ndi ophunzira kumene. Wofuna zovuta amatulukira ku Chalala n'kutsata msewu wa Shantumbu, komwe miyala ya laimu imang'amba matayala ndipo zitunda zimatsatizana popanda popumira. Chalala yemweyo anali tchire ndi maenje a okumba miyala m'zaka za m'ma 1990. Lero ndi nyumba zokhazokha, ndipo msewu wa Tokyo Way umadutsa pomwe panali tinjira ta pakati pa Chilenje ndi Kamwala South.

Mbali ya Chelstone ndi yathyathyathya, yoyenera kupalasa mtunda wautali mosapuma. Okwera a kumeneko ankatulukira m'misewu ya m'mafamu yopita cha ku bwalo la ndege, lomwe lidatsegulidwa mu 1967, kapena kulowera ku Twin Palm ndi ku Chalimbana mpaka ku Chongwe, makilomita pafupifupi 45 kuchokera m'tauni. Kuno ndi komwe njira zatha msanga. Mafamu adadulidwa kukhala mapuloti a Meanwood, Waterfalls ndi Silverest, ndipo puloti iliyonse imayamba ndi mpanda nyumba isanafike n'pawindo pomwe. Kalembera wa 2010 adapeza anthu 1.7 miliyoni m'boma la Lusaka, wa 2022 n'kupeza 2.2 miliyoni, osawerengera omwe adasefukira ku Chongwe, Chilanga ndi Kafue. Anthuwa ayenera kukhala ndi pogona, ndipo palibe wotsutsa zimenezo. Vuto n'lakuti pogawa malowa njira za mapazi sizidawerengedwe, moti mwana wa sukulu, mayi wopita kuchigayo ndi wokwera njinga onse amathamangitsidwira ku msewu waukulu wa magalimoto.

Ulendo womwe okwera a mu Lusaka amausimba kwambiri ndi wotsika kuchoka kumtunda kukafika ku Zambezi, m'dera la Mfumu Chiawa ya Agoba. Kwa zaka zambiri njira imeneyi inkaopedwa. Pa nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970 chigwachi chinali bwalo la asilikali, ndipo mabomba okwirira adatsalira m'nthaka nkhondo itatha. Zambia idalengeza kuti yamaliza kuwachotsa mu 2009. Masiku ano mipikisano iwiri yodziwika imatsata mtsetsewu. Wa 1Zambia MTB umatenga masiku atatu, kuyambira ku Lilayi kumwera kwa mzinda mpaka m'mphepete mwa Zambezi. Wa Elephant Epic ndi wa tsiku limodzi, ndipo ndalama zake zimathandiza ntchito yoteteza nyama ya bungwe la Game Rangers International. Wokwera amayamba m'kachisisira ka kumtunda pakati pa mombo, n'kukathera m'chifundizi cha m'chigwa pakati pa malambe ndi mitsanya, manja atachita dzanzi chifukwa chofinya mabuleki. Njira zake zambiri ndi zomwe anthu a m'midzi ya m'mapiriwo amadzera popita kuchipatala, kusukulu ndi kumsika.

Nyengo ndiyo imalamula kakweredwe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira, nthaka ndi youma koma yolimba, ndipo imeneyi ndi nthawi yabwino koposa, ngakhale udzu wautali umabisa zitsa ndi maenje mpaka moto utadutsa. Pa lupsa njira imaonekera patali, koma phulusa ndi fumbi zimadya tcheni. Seputembala ndi Okutobala kumatentha kwambiri, mombo ataphuka masamba ofiira, ndipo wanzeru amanyamuka mbandakucha kuti pofika 10 koloko akhale atabwerera. Mvula ikayamba mu Novembala dothi lofiira limaterera, la m'dambo limamatirira m'matayala mpaka wilo kukana kuzungulira, ndipo makwawa a ku mtsetse wa Zambezi amadzaza mwadzidzidzi. Minga ilipo chaka chonse, n'chifukwa chake ambiri adasiya machubu n'kuyamba matayala othiramo mankhwala omata okha pakabooka. M'makwawa muli chitedze, m'udzu muli nkhupakupa, ndipo kuchigwa kuli akashembe. Chisoti, madzi okwanira, pampu ndi mnzako woyenda naye sizisiyidwa.

Popeza njira zambiri zimadutsa pakhomo pa anthu, pali mwambo womwe okwera akale amaphunzitsa atsopano. Pofika pamudzi liwiro limachepetsedwa, chifukwa pabwalo pali ana, nkhuku ndi mphale yoyanika. Akulu amapatsidwa moni, ndipo wofunsa njira amatsika panjinga n'kuyamba ndi "Muli bwanji, amayi?" kapena "Zikomo, atate" asanatchule komwe akupita. Pamaliro anthu amatsika n'kukankha njinga mpaka atapitirira. Munda sudulidwa pakati, manda salowedwa, geti la famu limatsekedwa momwe lidapezedwera, ndipo wonyamula katundu ndiye amapatsidwa njira, poti iye akaima pa chikweza kuyambanso n'kovuta. Gulu lodutsa mwaphuma ndi mwamwano limatsekeretsa njira anzake onse obwera pambuyo.

Njinga yantchito nayo yapita patsogolo mu Lusaka momwemo. Bungwe la World Bicycle Relief, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2005, lidagawa njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi ya m'Zambia, ndipo njinga yake yolimba ya Buffalo, yomwe kaliyala yake imanyamula makilogalamu 100, imalumikizidwa mumzindawu. Zambikes, yomwe idayamba mu 2007, idadziwika ndi njinga za nsungwi ndi kangolo konyamulira odwala kotchedwa Zambulance. M'tauni mwenimweni zinthu zikadali zovuta. Milatho yodutsa pamwamba ya ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres, yomwe idamangidwa pakati pa 2018 ndi 2021, idamangidwira magalimoto, ndipo wopalasa kuchoka ku Kabwata kupita ku Cairo Road amapanikizana ndi maminibasi. Boma lidatulutsa ndondomeko ya oyenda wapansi ndi apanjinga mu 2019, koma misewu yokhala ndi mpata wawo ikadali yochepa. Makhonsolo a Lusaka, Chongwe ndi Kafue akamavomereza mapuloti atsopano ayenera kusiya mipata pakati pa mipanda pomwe padutsa njira zakale, ndipo mahekitala otsala a Forest 27 asagawidwenso.